Zenera Lachisanu

Kalipentala ameneyu zikafika pa muyezo anali wosamva za munthu. Anzake akati "bola chaima", iye ankagwetsa n'kuyambiranso. Ndiye mwana wake wamkazi, yemwe ankamutcha Kamsomali chifukwa cha kuwonda, atapempha kanyumba kosewerera kuseri, bamboyo anakana zokhoma timatabwa ngati khola la nkhuku. Anati amanga kanyumba kofanana ndendende ndi nyumba ya apongozi ake, momwe banjali linali litangosamukiramo.

Chovuta chinali kumaso kwa nyumbayo. Panali mizati yosanyamula kanthu, timizere tokhotakhota, ndi duwa lalikulu la simenti kumapeto kwa mazenera anayi, moti tepi inkasowa pogwira. Mwamwayi, kaya tinene mwatsoka, tsiku lina akukonza siling'i anapeza pulani yakale ya nyumbayo. Munthu wamba akanangoima panja n'kuwerenga mazenera. Koma amisiri inu, kukhulupirira pepala kuposa maso anu! Pepala linati mazenera asanu, iye anaboola asanu, n'kugawanso kachipinda kumapeto monga linanenera.

Kanyumba katatha, apongozi anatulukira ndi beseni la zochapa. Atangokaona, beseni lija pansi khu!

"Bambo a mwana, zenera lakumapetoli mwalitenga kuti?"

"Pa pulani, amayi. Lapendama kodi?"

"Pulaniyo ndi imene imagona m'nyumba muno? Litsekeni lero lomwe."

Anatero n'kulowa m'nyumba, zovala zili mbwee pansi. Mkazi wa kalipentalayo ndiye anamufotokozera, uku akutola zovalazo osamuyang'ana kumaso. Mkaziyo anali ndi mng'ono wake amene anamwalira ali wamsinkhu wa Kamsomali, m'chipinda chakumapeto. Maliro atatha, masana aliwonse ankamvekabe akusewera mmenemo. Malemu bambo awo anatseka khomo la chipindacho ndi njerwa, pazenera n'kumatapo duwa lija kuti odutsa asamafunse.

Kalipentala anamva chisoni, inde, koma anati matabwa ndi matabwa. Ntchito yokongola chonchija aiwononge chifukwa cha nkhani ya zaka makumi atatu zapitazo? Analisiya zeneralo.

Kamsomali anakakonda kanyumbako mopitirira. Akachoka kusukulu ankangoponya chikwama n'kukwawira m'kachipinda kakumapeto. Anzake akabwera ankawabweza, ati malo adzaza. Chakudya ankapempha mbale ziwiri. Mwana wolongolola ngati wailesi uja anayamba kuyankha ndi mutu, ndipo ankayimba nyimbo imene makolo ake sanamuphunzitse. Agogo ake akaimva ankatseka makutu.

Loweruka masana bamboyo anagwada pazenera lija n'kusuzumira. Mwana anali atakhala kukona, atasiya malo pambali pake.

"Kamsomali, tuluka ukadye."

"Amayi aang'ono akuti ndisapite. Akuti aliyense amangowasiya okha."

Apa ndiye mantha anamugwira zenizeni. Anamukoka mwanayo mwendo, akulira, n'kukamupereka kwa mayi ake kukhitchini. Anabwerera ndi hamala. Anasuzumira kawiri, muli mbee, kenako anakhoma thabwa pakhomo la kachipindako ndi lina pazenera, misomali yaitali, yambirimbiri ngati sagula.

Atalowa m'nyumba anapeza mkazi wake akutsuka mbale.

"Mwana ali kuti?"

"Si wakutsatirani konko? Wandipulumuka pompano."

Bamboyo anathamanga, nazula matabwa aja ndi manja mpaka zikhadabo kutuluka magazi. M'kachipinda munalibe munthu. Anaitana kumsewu, kwa aneba, kuseri kwa bafa, koma kunali zii, dzuwa lili phwee pamutu. Ali chiimire pakhonde anamva kugogoda. Kunkachokera m'nyumba yaikulu, kumapeto kwa kolido, pakhoma losalala lopakidwa penti yoyera.

"Ababa," anatero mawu kuseri kwa khomalo. "Mwanditsekeranji? Muno muli mdima."

Anatenga nyundo yogumulira. Apongozi anamugwira mkono, nkhalamba koma mphamvu zake ngati za mwamuna.

"Mukatsegula pamenepo simudziwa amene atuluke."

"Mwana wanga ali mmenemo, amayi! Ndisiyeni!"

Anamenya. Pulasitala anayoyoka, njerwa imodzi inagwera mkati, kenako ina, mpaka panaoneka bowo loti mwana n'kudutsa. Munatuluka mpweya wozizira wonunkha nkhungu. Anaitana, ndipo m'bowomo munatuluka timanja tiwiri, tofanana kukula, tonse totuwa ndi fumbi. Tonse tinali takumanja.

"Ababa, ndikokeni," anatero mawu amodzi.

"Ababa, ine," anatero enanso, osasiyana ngakhale pang'ono.

Mkazi wake anali atakhala pansi, akungolira osatulutsa mawu. Kalipentala anayang'ana timanjato, thukuta likulowa m'maso. Anayesa kukumbukira ngati mwana wake anali ndi chipsera, kaya zikhadabo zodula, koma m'mutu munali mopanda kanthu. Zaka zonsezi ankaligwira dzanja limeneli powoloka msewu, ndipo sanaliyang'anitsitsepo. Timanjato tinayamba kubwerera mkati pang'onopang'ono.

Anagwira kamene kanali pafupi, n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Kena kaja kanalowa mumdima.

Mwana anatuluka, nkhope ya Kamsomali, diresi la Kamsomali, kuwonda komweko. Bamboyo anamukumbatira akulira ngati khanda, akumupepesa. Mwanayo anadikira mpaka atamusiya. Anasasa fumbi padiresi, anayang'ana kolido yonse ngati munthu wobwera kuulendo, n'kudutsa mayi ake osawaona. Anakaima pamaso pa nkhalamba ija.

"Amayi," anatero, "mwakalamba bwanji!"