Chubu cha Madzi Okhaokha

"Kachilombo kameneka sikanaonekepo kwina kulikonse padziko lapansi. Ndakapeza ine. Ndipo ndikuuzeni, sindinakafunefune n'komwe, kanachita kubwera kokha."

Anali Pulofesa, akuyankhula pa foni m'khonde la labu, dzanja limodzi lili m'thumba. Mayi Matewera anamva zonse ali kuseri kwa chitseko, akuvula magolovesi. Mawu otsirizawo ndiwo anamukhala pamtima. Pa zaka khumi ndi zinayi za ntchitoyi anali ataphunzira kuti chinthu chobwera chokha mu labu n'chofunika kuchifunsa kuti chalowera khomo liti.

Dzina la Matewera anamupatsa ndi anzake a kuntchito. Madigiri anali nawo atatu, koma Lolemba lililonse ankapita kuchipatala cha ana kukatolera matewera oipitsidwa, n'kumakanda kachimbudzi pang'onopang'ono m'timachubu kuti aone mabakiteriya okhala m'matumbo a makanda. Apongozi ake ankauza anzawo kuti mkazi wa mwana wawo ndi dokotala, n'kusintha nkhani msanga.

M'matewera amenewo ndi momwe Pulofesa anapezamo kachilombo kawo. Ana mazana awiri ndi makumi anayi, onse anali nako. Dzina anali atakapatsa kale, lawo lomwe, atangoliika kamchira ka Chilatini. Lipoti la kafukufuku linali pafupi kutha, ndipo dzina la Mayi Matewera linali lachiwiri pamwamba. Kontilakiti yake inali kutha kumapeto a mwezi, ndipo kalata yoti aiwonjezere, imene Pulofesa analonjeza kusaina miyezi itatu yapitayo, inali ikadali pa tebulo lawo, kapu ya tiyi itaikhalira.

"Mawa, mayi," ankatero. "Mawa ndithu."

Chimene chinkamuvuta mayiyo chinali kufanana. Ana ena anali oyamwa, ena a mkaka wa m'chitini. Ena anabadwa pa opaleshoni, ena anali atangomaliza mankhwala opha mabakiteriya. Koma kachilomboko kanali mwa onse, kochuluka mofanana ngati wina wachita kugawa ndi supuni. Ngakhale mapasa sadzaza thewera mofanana.

Anatsikira kuchipinda cha mafiriji, kwa bambo wachikulire amene ankachotsa DNA m'machubu. Onse ankawatchula kuti a Makiyi, chifukwa makiyi a labu yonse ankalira m'chiuno mwawo.

"Bambo, paja pochotsa DNA ija, chubu cha madzi okhaokha munkaikapo?"

Lamulo lake ndi lakale. Pa gulu lililonse la machubu, chimodzi amathiramo madzi oyera basi, n'kuchiyendetsa m'mankhwala onse ngati zinzake. Chikatuluka ndi kachilombo, ndiye kuti litsiro lachokera m'manja kapena m'mankhwala momwemo.

A Makiyi anayang'ana kukhomo. "Mwatumidwa?"

"Ndani angandtume ine?"

"Kuno aliyense amatumidwa." Anatseka firiji pang'onopang'ono. "Abwana anati mankhwala ndi ochepa, sitingawathere pa madzi. Anati madzi ndi madzi, ayankha chiyani?"

"Munalemba zimenezo m'buku?"

"M'buku ndimalemba zimene ndachita, mayi. Zikadzavuta ndikudziwa kale, mudzati ndi manja a nkhalamba."

"Ndipatseni bokosi la mankhwala lakale lija, ndi latsopano."

Mayi Matewera anakonza machubu asanu ndi chimodzi a madzi, atatu ndi mankhwala akale, atatu ndi atsopano. Popeza makina owerenga DNA salandira chinthu popanda chilolezo cha Pulofesa, anawalemba manambala a ana, kuyambira 241 mpaka 246. Akumata timapepala, Pulofesa anasuzumira.

"Ana atsopano?"

"Eya."

"Ali bwanji?"

"Ndi ofatsa kwambiri," anatero Mayi Matewera.

Zotsatira zinatuluka Lachitatu. Machubu a mankhwala atsopano analibe kanthu. A mankhwala akale anali odzaza ndi kachilombo ka Pulofesa, kokhakokha, kopanda mnzake. Tsoka lake, zotsatira zimafika kaye pa kompyuta ya abwana. Pulofesa anamupeza pa masitepe nkhope ikuwala.

"Mwaona ana atatu aja? Mulibe china chilichonse! Ndawaika kale pa zithunzi zoonetsa alendo athu Lachisanu."

"Pulofesa, ndikufuna tikambirane za anawo."

"Alendo akapita."

"N'zofunika asanabwere."

"Ngati ndi kalata ija, mayi, musandipanikize."

Anawayang'ana akukwera masitepe. Kodi sankadziwadi? Munthu amene anaphunzitsa lamulo la madzi kwa zaka makumi awiri? Kapena kalatayo inkadikira dala kuti lipoti lituluke kaye, dzina lake lili pamenepo ngati chishango?

Kunyumba, mwamuna wake anamvetsera akusita mayunifomu a ana.

"Asaine kaye, amake mwana. Madziwo sathawa."

"Lipoti likatuluka, wina kunja adzayesa mankhwala omwewo. Pamenepo a Pulofesa adzakumbukira kuti matewera ankatola ndine."

"Nanga ukayankhula?"

"Kalata ipita m'bini."

"Ndiye wasankha chiyani?"

"Kolala iyo wapsereza," anatero mkaziyo.

Lachisanu chipinda cha misonkhano chinadzaza. Panali ophunzira, a Makiyi pafupi ndi khomo, ndi alendo atatu ochokera ku bungwe lothandiza kafukufukuyo. Pulofesa anavala tayi. Anayankhula mphindi makumi anayi, ndipo potchula dzina la kachilomboko ankatsitsa mawu ngati munthu wochita manyazi. Pomaliza anaonetsa pakhoma zotsatira za ana 241, 242 ndi 243.

Mmodzi wa alendowo, mayi wa imvi amene sanalembe kanthu nthawi yonseyo, anakweza chala.

"Chubu chanu cha madzi chinaonetsa chiyani?"

Pulofesa anatsokomola. "Zimenezo ndi za m'labu. Amene amayang'anira ndi mayi awa." Anatambasula dzanja mwaulemu wonse. "Mayi, mungawayankhe?"

Apa ndi pomwe Mayi Matewera anadziwa kuti chishango chija ndi iyeyo. A Makiyi anagwira makiyi awo kuti asalire.

Mayi Matewera anaimirira. "Chikuoneka pakhomapo, amayi. Ana atatu amenewo ndi madzi. Ndinawayendetsa m'mankhwala akale, omwe tinagwiritsa ntchito pa ana onse. Enanso atatu ndinawayendetsa m'mankhwala atsopano, ndipo mulibe kanthu. Kachilomboko kamakhala m'bokosi."

Wophunzira wina anaseka, n'kusandutsa chisekocho chifuwa.

Pulofesa anayang'ana khoma, kenako alendo. Sanafike pa upulofesa mwangozi. Anakonza tayi, n'kumwetulira.

"Mwaona, amayi? Ndimafuna mumve kuchokera kwa mwini wake. Kuno sitikhulupirira chinthu tisanachiyese, ngakhale chitakhala ndi dzina langa. Ndinawauza mayiwa kuti ayese. Labu ino popanda iwowa siingayende ngakhale sabata imodzi."

"Ngakhale sabata imodzi?" anafunsa mlendoyo.

"Ngakhale tsiku."

Mayi Matewera anatsegula faelo yake. Anali atasindikiza kalata ina m'mawa womwewo, yopanda chizindikiro cha kapu. Anaiyala patsogolo pawo.

"Popeza mwanena nokha, Pulofesa. Kontilakiti yanga yatsala sabata imodzi ndendende."

Pulofesa anapapasa m'thumba la jekete, kenako la malaya. "Cholembera ndasiya ku ofesi. Tikatuluka muno..."

"Nachi changa," anatero mayi wa imvi.

Anasaina, siginecha yawo yaitali ija yokhotakhota. A Makiyi anachoka pakhomo, nadzaweramira pepalalo, magalasi ali pamphuno.

"Deti, abwana," anatero. "Mwaiwala deti."