Malo a Munthu Mmodzi M'foni

Ndinalota ndikuchapa kuseri kwa nyumba, masana dzuwa likuswa mtengo. M'beseni munali yunifomu ya mwana wanga Mwatipatsa, ija ya kolala yothimbirira imene sopo anailephera kalekale. Ndili mkati motikita kolalayo, pakati pa zofunda ziwiri zimene ndinayanika panatuluka wapolisi wamkazi, nsapato zake zikudontha madzi.

"Ndinu mayi ake a Mwatipatsa Kalimbuka?"

"Ndine. Musandipondere zochapa."

"Mwana wanu sanafike kusukulu lero. Tikufuna chithunzi chake. Mthunzi wa chingwe choyanikirachi ukakhudza khoma, galimoto yathu inyamuka, ndipo munthu wopanda nkhope sitimusaka."

Ndinati ndingomufotokozera, mwana ndinabereka ndekha. Msinkhu ndinaukumbukira. Kayendedwe kake kokhwekhwereza masilipasi ndinakakumbukira. Koma pamene pamakhala nkhope panali posalala ngati sopo wosayamba.

Ndinapukuta manja pachitenje n'kutenga foni. Munalibe chithunzi chake ngakhale chimodzi, ndipo chifukwa ndinkachidziwa. Foni itadzaza, ndinamuuza Mwati kuti asamutsire zithunzi zake zonse mukompyuta ya malemu bambo ake, kuti mavidiyo a kwaya yathu ya amayi azipeza polowa. Kompyutayo sikirini yake inasweka. Imayaka, koma sionetsa kanthu. Njira yolowera ndi imodzi yokha: foni idutse pa wayifayi ya m'nyumba, ikagogode pa foda imene bambo ake anatitsegulira tonse. Wodziwa kagogodedwe kake ndi Mwati. Ine ndimangoti "ndipatse chakuti," iye n'kundipatsa.

Ndinadina pamene ndimamuona akudina. Foni inayankha ndi mawu a kalaliki wotopa.

"Kompyuta imene mukuifuna sikupezeka m'dziko lino."

"Ili pabalaza, chitsiru iwe. Ndimaipukuta fumbi Loweruka lililonse."

Ndinalowa m'nyumba. Rauta, bokosi la wayifayi lija, inali pamwamba pa kabati, nyanga zake ziwiri zili njo, timaso tobiriwira tikuphethira. Nditatambasula dzanja kuti ndiizimitse n'kuiyatsanso monga amachitira Mwati, inandibaya pachikhatho, nyanga n'kutulukira kuseri. Sindinalire, nthawi yolirira panalibe. Ndinaigwira pakhosi ndi dzanja linalo, ndinaimenyetsa kukhoma katatu mpaka diso limodzi linafiira, ndinazula chingwe chake chamoto. Inaphupha pansi ngati nkhuku yodulidwa mutu. Ndinawerenga mpaka khumi n'kubwezera chingwecho. Maso anayaka limodzilimodzi.

"Ine ndilibe mlandu, mayi," inatero. "Foni yanu sidya pakhomo pano."

Pampando wa pakona panali patakhala bambo ake a Mwati, atavala suti imene tinawaika nayo m'manda zaka zitatu zapitazo. Ankadzikupiza ndi pulogalamu ya maliro awo.

"Amake Mwati, mwavulaza wosalakwa. Tayang'anani pamwamba pa foni yanuyo. Mwalumikiza kwa yani?"

Ndinayang'ana. Dzina linali la aNagama, oyandikana nafe nyumba. Anandipatsa pasiwedi yawo chaka chatha tikusenda nandolo, poti wayifayi yawo imathamanga, ndipo kuyambira tsiku limenelo foni yanga imathawira kwawo yokha, ngati mwana wonunkhidwa ndiwo za eni. Ndipamene ndinauona mtsempha. Unatuluka kumsana kwa foni, wonenepa ngati chala, unadutsa pazenera, unadumpha mpanda.

"Kompyuta ili kwanu, foni ili kwa eni. Zionana bwanji? Kauduleni."

Ndinatenga chikwanje kuseri kwa chitseko. Kutsidya kwa mpanda aNagama ankapeta mpunga, mtsempha uja utawalowa m'khosi.

"Anzanga, chikwanje masana ano?"

"Pepani, aNagama. Nkhani ya mwana."

"Ndinakupatsani ndi mtima umodzi."

"Ndikudziwa. Gwirani lichero bwino."

Ndinatema. Koyamba sunaduke, unangolira ngati waya. Kachiwiri unaduka, magazi anathovukira pa zofunda zanga zonse, zimene ndinadzukira mamawa. ANagama anagwada, mpunga uli psuu m'lichero. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi mayi inu ndinu yani?"

Ndinatembenuka kubwerera kwathu. Mthunzi wa chingwe unali utatsala mapazi awiri kufika pakhoma, ndipo wapolisi uja anaimirira pomwepo akuuyang'ana.

M'nyumba foni inagwira wayifayi yathu, koma inati kompyuta yagona. Ndinaipeza pansi pa tebulo ikupuma pang'onopang'ono. Ndinaiponda m'nthiti kawiri. Inadzuka ikutsokomola mphepo yotentha.

"Pasiwedi," inatero foni.

Ndinalemba ija yolembedwa kumimba kwa rauta. Foni inatsegula pakamwa n'kundidula chikhadabo cha chala chachikulu, inachitafuna ndikumva.

"Imeneyo ndi ya pachipata," bambo ake a Mwati anatero. "Ikufuna ya kuchipinda. Lembani tsiku lija munanditukwana m'chipatala anamwino onse akumva."

"Munayenera kutukwanidwa. Munabwera ndi nthochi ine ndikufa pobereka."

Ndinalemba tsiku lobadwa la Mwati ndi chala chamagazicho. Foni inakula m'manja mwanga mpaka inakhala chitseko, ndipo ndinalowa.

Foda ija inali ngati butchala ya mumsika. Zithunzi zinali zitapachikidwa pa ngowe, mizeremizere, zikudontha. Ndinadutsa ukwati wathu, ndinadutsa tsiku limene tinafolera nyumba, ndinadutsa abale ena amene sindifuna kuwaona ngakhale pachithunzi. Kumapeto kwa mzere ndinamupeza Mwati atakoledwa pakolala, nkhope itayang'ana kukhoma. Ndinamunyamula m'chiuno kuti ndimutsitse. Sanasunthe.

"Mulibe malo," foni inatero. "Wolowa alowe, wina atatuluka."

Nditacheuka ndinaona zonse zimene ndinasunga m'malo mwa mwana wanga zitadzaza pakhomo. Amayi a kwaya ovala zoyera akuimba nyimbo imodzimodzi kasanu. Maluwa ondidzutsa m'mawa, amene mlamu wanga amatumiza tsiku lililonse. Alaliki atatu amene sindinawamverepo mpaka kumapeto. Ndinakweza chikwanje. Ndinayamba ndi alaliki, poti sanandipweteke mtima. Maluwa ndinawasadza ngati thengo. Amayi a kwaya sanathawe, anapitiriza kuimba ine ndikutema, mawu akuchepa khosi ndi khosi, mpaka amene ndimaima nawo pafupi Lamulungu anagwa ali pakati pa aleluya. Dzanja linachita dzanzi. Magazi anandifika m'akakolo.

Ndinakokanso mwana. Sanasunthe.

"Malo sanakwane. Patsala mmodzi."

Pakhomo panatsala bambo ake a Mwati okha, pampando wawo. Ndinadziwa. M'foni mwanga muli uthenga wa mawu umene ananditumizira ali m'chipatala, sabata yomaliza. Mphindi khumi ndi imodzi. Mulibe chanzeru m'menemo: kumene anabisa kiyi wa kabati, nsapato za Mwati zipite kwa wosoka, kenako akuseka n'kutsokomola. Ndimaumvera ndikamasita. Foni imeneyi yadzaza kangapo, koma umenewo sindinaukhudzepo.

"Wadzaza malo ndine," anatero.

"Khalani chete, ndikuganiza."

"Palibe choganiza. Taonani mthunzi."

Kudzera pazenera ndinaona kuti patsala chikhatho chimodzi.

"Koma chikwanje ayi, mundiwonongera suti. Tiyeni kubeseni."

Tinatuluka limodzi. Anavula wotchi n'kuiika panjerwa pamene ndinaika foni, anagwada pambali pa beseni monga munthu wofuna kusamba kumaso. Ndinachotsa yunifomu ya Mwati, ndinaikoleka paphewa. Ndinawagwira kunkhongo, pamene ndinkawameta ndekha, n'kuwamiza m'madzi a sopo.

Anavomera okha, koma thupi silinavomere. Anandikanda m'mikono mpaka khungu linasupuka, anaponda chidebe chinagubuduka, anadzutsa mutu kamodzi n'kundiitana dzina langa la paubwana limene palibe wina amalidziwa. Ndinawatsamira ndi bondo pamsana. Ndachapa mabulangete zaka makumi awiri, manja anga si ochezera. Mawu awo ankatuluka m'thovu, lililonse likuphulika palokha. Kiyi. Kabati. Nsapato za Mwati. Kenako kuseka kuja, kenako chifuwa, kenako zii. M'beseni munatsala madzi okhaokha, otuwa, ndi batani limodzi la suti.

Foni inanjenjemera panjerwa. Chithunzi chinayamba kulowa, kuyambira kumwamba, mzere ndi mzere. Tsitsi lometa la kusukulu. Mphumi, ndi kachipsera kamene anagwa nako pa sitepe ali ndi zaka zinayi. Nsidze za bambo ake. Maso.

Mthunzi unakhudza khoma. Chithunzi chinaima pomwepo.

Wapolisi anasuzumira. "Maso okha, mayi?"

"Mwana wanga mumudziwira maso. Palibe wina amayang'ana munthu choncho. Tengani, pitani, mukuimiranji?"

Anatenga foni, analowa pakati pa zofunda zamagazi zija, ndipo ndinamva galimoto ikulira kutali.

Ndinadzidzimuka mutu uli pabondo, ndili pakampando kanga kochapira. Madzi anali atazizira. Zofunda zinali mbee pachingwe. Kuseri kwa mpanda aNagama ankakalipira nkhuku, khosi lawo lili bwinobwino. Chikhatho chinkandiwawa pamene ndinatsamira kona ya njerwa.

Ndinatenga foni. Pamwamba panalidi dzina la aNagama. Ndinalichotsa n'kulumikiza kwathu. Uthenga uja unalipo, mphindi khumi ndi imodzi, ndipo pansi pake foni inalemba kuti yadzaza. Sindinautsegule, sindinaufufute. Nthawi inali itapitirira folo koloko ndi mphindi makumi awiri. Mwati amafika folo.

Ndinatseka maso kuti ndimuone nkhope. Anabwera maso okha.

Ndinakoka beseni kulitembenuzira kugeti, ndinaika foni pamiyendo, ndinatola sopo. Kolala ija inali idakali yakuda mbali imodzi.