Malo amene anasowa m'foni

Mayiyo analowa m'shopu yanga dzuwa lili paliwombo. Sanapereke moni. Anakhala pa benchi la makasitomala, chikwama pamiyendo, n'kumangondiyang'ana pamene ndinkamata galasi la foni ya munthu wina. Kuyambira m'mawa ndinali chiweramire pa tebulo lodzaza timisomali ndi mabatire otupa, ndipo msana unali utandikwana.

Nditamaliza, anatulutsa foni yakale yomanga ndi mphira. Anati ndi ya amuna awo, amene anali gone m'chipatala sabata yachitatu. Foniyo inkangolemba kuti malo atha. Mayiyo anali atapempha nesi kuti afufute zithunzi, nyimbo, ngakhale kanema wa ukwati wawo, koma palibe chinasintha. Bamboyo ankadikira yankho la mwana wake, ndipo ankakhulupirira kuti yankholo likukanika kulowa chifukwa foni yadzaza. Madokotala sankalonjeza masiku ambiri.

Ndinatsegula pamene foni imaonetsa zimene zadya malo. Zithunzi zinayi, mapulogalamu ochepa, kenaka mzere wotuwa, wautali, wongolembedwa kuti zinthu zina. Unatenga malo oposa theka. Ndinayasamula n'kuwauza kuti njira yachidule ndi kufufuta zonse, foni iyambirenso ngati yatsopano.

Anandigwira dzanja. Zala zawo zinali zozizira.

“Ayi mwanangu, usafufute zimene sunazione.”

Ndinausa moyo, n'kulumikiza foniyo ku kompyuta. Ndinayenda foda ndi foda ngati munthu wofunafuna ndolo pansi pa bedi. Zotsalira za mauthenga akale zinalipo, koma zochepa. M'bini ya zofufutidwa munalibe kanthu. Pamapeto pake ndinapeza foda ya pulogalamu yojambulira mawu, yobisika mkati mwa mafoda ena atatu. Munali mafayilo oposa mazana asanu ndi atatu, limodzi tsiku lililonse, onse ojambulidwa cha m'ma sikisi m'mawa.

Nditawafunsa, anandiuza kuti amuna awo akadzuka amakhala m'mphepete mwa bedi, n'kudina kabatani kofiira, n'kulankhula ndi mwana wawo. Akamaliza amadinanso n'kunena kuti zapita. Nambala ya mwanayo anaipeza kwa achibale, ndipo ankayesa kuti poti ili m'foni, mawu adziwa okha njira. Mayiyo naye za foni ankangodziwa kuyankha basi.

Ndinawafotokozera kuti kabatani kameneko sikatumiza kanthu. Mawu onse a zaka ziwiri ndi miyezi anangounjikana momwemo, ndipo ndi amene anadya malo.

Ndinadina fayilo imodzi kuti ndione ngati sinawonongeke. Kunamveka chifuwa, kenaka bedi kulira.

“Kamutu, wadzuka bwanji? Dzulo ndinadutsa pa basi pa shopu yako. Chikwangwani chija anakukhomera mopendama, uwauze akonze. Ndinafuna kutsika, koma miyendo inakana.”

Ndinaimitsa. Padziko pano munthu mmodzi yekha ankanditcha Kamutu, bambo anga, ndipo anachoka pakhomo pathu ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, atanyamula sutikesi ndi wailesi. Ndinakula ndikudziuza kuti anandiiwala asanafike n'komwe pa siteji ya basi.

Mayiyo ankandiyang'anabe, koma maso aja anali atafewa.

“Ndiye kuti sunkawamva?”

“Ngakhale liwu limodzi, amayi.”

Anavomera kuti sanabwere mwangozi. Okonza mafoni alipo khumi mumsewu womwewu. Iwo ankafuna kuona nkhope ya mwana wouma mtima amene amamvera bambo ake m'mawa uliwonse osayankha, ndipo mawu okalipa anali atawakonzeratu m'basi. Tsopano analibe powaika.

Ndinakopera mafayilo onse pa kompyuta yanga, ndisanachotse ngakhale limodzi m'foni. Zinatenga nthawi. Tonse tinkangoyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa kompyuta. Kasitomala wina anasuzumira pakhomo ndi chaja m'manja, ndinamuuza kuti abwere mawa. Ndinafunsa kuti nthawi yoona odwala imatha liti, anati folo koloko. Inali itadutsa kale hafu thuu.

Ndikutseka loko pachitseko, ndinawafunsa kuti ndiziwatchula ndani.

“Kwanu mumanditcha Mbala yoba bambo ako, ndikudziwa,” anatero akukonza mpango kumutu. “Koma ine ndine mayi wa ang'ono ako awiri. Akutidikira pa geti la chipatala.”