Nkhope ya Bambo

Sisita anakankha chithunzi ndi chala, kenaka china. Foni inali ya malemu bambo ake, yong'aluka pakona. Mayi pamlatho. Mayi kutsogolo kwa nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mayi ataima pansi pa chiboliboli cha munthu wokwera hatchi. Nkhunda. Basi yosanjikiza. Nkhunda zina.

"Anthu akhala nawe tchuthi chonsechi," anatero kwa mlongo wake, "sunaganizepo zowalanda bambo foni n'kuwajambula?"

 Mlongo wakeyo, Mzime, ndiye anaitana makolo ake kuti adzaone mzinda waukulu umene ankagwirako ntchito, ndipo ndiyenso anawapeza bambo m'mawa uja pampando wa pabalaza, atavala kale jekete kudikira kuti ena amalize kukonzeka, koma atazizira. Sisita, yemwe ngakhale mayi ake ankamutchula choncho chifukwa cha unamwino wake, anafika pabasi mawa lake, maso ali gwa. Thupi linali kunyumba yachisoni, kudikira zikalata zoti liyende. Chinatsala ndi chithunzi choika pamwamba pa bokosi, ndipo chithunzicho panalibe.

Bambowo, amene moyo wawo wonse anali kapitawo wa amisiri omanga nyumba, ankadana ndi kujambulidwa. Ankati wofuna nkhope yawo abwere kunyumba adzaione. Chithunzi cha ukwati chinadyedwa ndi chiswe kalekale. Ana awo ankawadziwa ngati munthu wa kolala youma, amene akangotsokomola pakhomo wailesi inkatsitsidwa.

Mzime anati angokulitsa cha pachiphaso. Mayi anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti pamenepo bambo akuoneka ngati awagwira ndi mbuzi yakuba, ndipo iwo salola kuti anthu akatsanzikane ndi mkaidi. Kenaka anakumbuka. Pabwalo lina la kasupe wothuvula madzi m'mwamba, wojambula wa kamera yaikulu anawajambula osapempha, n'kuwathamangira kuti atenge chithunzi. Bambo anamubweza ndi dzanja.

Mzime anafunsa dzina la bwalolo. Mayi sankalidziwa. Tsiku limenelo Mzime anali kuntchito, ndipo nkhalamba ziwirizo zinayenda zokha. Mumzindamo mabwalo a akasupe analimo ambiri. Mayi anati dzina sakulidziwa, koma miyendo yawo ikudziwa njira, bola ayambire pamene anayambira tsiku lija. Sisita anati munthu woferedwa sangamayendeyende m'misewu ngati mlendo wodzaona malo, anthu amva bwanji. Pamene ankamaliza kulankhula, mayi anali atakoleka kale chikwama paphewa.

Anakwera basi ya alendo ija, yopanda denga pamwamba. Wolondolera alendo anali ndi chimkuzamawu ndi nthabwala zake zoloweza, ndipo mayi ankamaliza nthabwala iliyonse chapansipansi iye asanafike pothera. Anakhala mpando wa mkati, wa kumphepete n'kuusiya. Mtsikana wina wa chipewa chachikulu atafuna kudutsa kuti akhalepo, mayi anaika dzanja pampandopo.

"Pali munthu, mwanangu."

Mtsikanayo anapepesa n'kupita kumbuyo. Sisita anayang'ana mlongo wake. Mzime anayang'ana nyumba zimene zinkadutsa.

Anatsikira pansanja yaitali imene alendo amakwera kuti aone mzinda wonse. Mzime anati palibe chifukwa chokwerera, angofunsa alonda kumene kuli kasupe wapafupi. Mayi anakana. Anati kasupeyo anamuonera pamwamba, bambo ndi amene anamuloza. M'chikepe mayi anagwira chitseko ndi chigongono ngakhale onse anali atalowa, mpaka chinayamba kulira. Atachisiya, chinatsekeka pang'onopang'ono, ndipo chikepe chinakwera nawo mpaka kumwamba.

Kumwambako kunali mphepo. Mayi anayenda m'mbali mwa magalasi, akusuzumira pansi pamene magalimoto ankaoneka ngati nyerere. Ana awo anatsalira kumbuyo, ndipo mkangano umene unkafuka chifikire Sisita unayaka. Sisita anati munthu wodwala mtima sasiyidwa kuti azungulire mzinda dzuwa lili paliwombo, mwana wake ali phee muofesi yozizira. Mzime anati achemwali ake ndi amene ankawayeza bambo mwezi ndi mwezi, ndipo ndi iwo ananena kuti ulendo angaukwanitse. Ankalankhula motsitsa, mano ali okukuta, akumwetulira alendo odutsa.

M'chikwama cha mayi munalira belu. Linali la foni ya bambo, lowakumbutsa kumwa mankhwala a masana. Linalira, n'kulira, anthu n'kuyamba kutembenuka. Mayi anaitulutsa mosafulumira, n'kuizimitsa ndi chala chachikulu.

"Ndamva," anatero, osati kwa ana awo. Kenaka anagogoda galasi ndi chikhadabo. "Ndi uyo apo."

Anatsika n'kulowa msewu wa masitolo a magalasi okhaokha. Mayi ankatsogola. Apa, anati, bambo anagogoda khoma la banki n'kunena kuti pulasitala ndi wokhota, akanakhala anyamata awo akanagumula. Apo anaima kuonerera makina okweza zitsulo mpaka khosi linawawa. Mzime ankangocheuka. Bambo ankayenda pambuyo pa aliyense nthawi zonse, manja kumbuyo, ndipo pagalasi lililonse limene ankadutsa iye ankaona anthu atatu ndi mpata wa munthu mmodzi. Sisita anamuona akucheuka.

Pabwalo la kasupe panali ojambula angapo, onse atavala zofanana. Mayi anawayang'ana mmodzimmodzi ngati akusankha nkhuku pamsika, n'kulunjika kwa wina wamtali wa dzino lobenthuka. Mzime anafotokoza. Wojambulayo anavula chipewa, n'kunena kuti zithunzi zimene eni ake sanatenge amazifufuta, koma ulesi umamuthandiza nthawi zina. Anakhala pamphepete pa kasupe, atatuwo atamuzungulira, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Pakagalasi ka kamera panadutsa nkhope za anthu osawadziwa: okwatirana kumene, ana a sukulu, mzimayi wonyamula kagalu. Madzi ankawawaza m'khosi. Mayi anagwira dzanja la wojambulayo.

"Bwererani kamodzi."

Kutsogolo kunali mayi, atakweza pang'ono siketi, kumapazi atavala nsapato zakuda zachimuna, zingwe zikukwekwereka pansi. Pambuyo pawo pankabwera bambo, tayi ndi jekete zili m'malo mwake, chikwama cha mayi chili paphewa, nsapato zachikazi zili m'dzanja. Ankayenda ndi masokosi okha, chala chachikulu chitatulukira pachibowo. Ankaseka, kukamwa kuli yasa, mpaka nkhama kuoneka.

Mzime anawerama kwambiri. Mano amenewo anali asanawaonepo onse pamodzi.

Mayi anati nsapato zatsopano zija zinawadula zidendene asanafike n'komwe pakasupe. Sananene amene anawagulira. Sisita, yemwe anazisankha yekha kuti mayi ake akaoneke bwino mumzinda, anakhala pansi pamphepete ponyowapo osayang'ana.

Wojambulayo anati nkhope yatuluka bwino, ndipo angathe kudula kuti patsale mutu ndi tayi. Anaphimba m'munsi mwa chithunzicho ndi chikhatho kuti aone. Mzime anavomera msanga. Anati kumaliro kudzabwera amisiri onse amene bambo ankawalamula, ndi akuluakulu a mpingo, ndipo munthu ngati uja sangagone pansi pa chithunzi cha sokosi yobooka. Anayang'ana achemwali ake kuti amuthandize. Sisita ankangoyang'ana chikhatho cha wojambulayo.

"Chotsani dzanja, bambo," anatero Sisita. "Mwawabisa."

Wojambulayo anayang'ana mayi. Mayi anati achitsuke chonse, chachikulu, nsapato ndi chikwama zomwe, ndipo amene adzaseke kumaliroko adzaseke, mwini wake wayamba kale.

Podikira kuti chituluke, anakhala atatu pabenchi, mayi pakati. Mzime anafunsa ngati bambo anavalanso nsapato zawo atachoka pamenepo. Mayi anapukusa mutu, maso ali pamiyala yotentha ya pabwalopo.

"Anayenda choncho mpaka pokwerera basi," anatero. "Aliyense wowayang'ana kumapazi, iwo ankamupatsa moni."