Tayala la Ngolo pa Galimoto ya Benedeta

Pa Namitete panalibe munthu wosadziwa makeke a Benedeta Kamphambe. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ankawanyamula pa minibasi kupita nawo kumaukwati, atawaika pamiyendo, uku akukangana ndi makondakitala ofuna kumupanikiza ndi matumba a mbatata. Ndiye atagula kagalimoto kobiriwira kochokera ku Japan, amayi anzake a mvano anabwera kudzakaona n'kukaimbira nyimbo pakhomo pomwepo.

Koma wokanyadira kwambiri anali amuna ake, a Rodwell, mphunzitsi wopuma ntchito amene chibadwire sanagwirepo chiwongolero. M'mawa uliwonse ankakapukuta ndi thaulo, ngakhale katagona osayenda dzulo lake.

Loweruka lina mu Okutobala, Benedeta anali ndi keke ya magawo atatu yopita ku Kabudula, kuukwati wa mwana wa mnzake Lusiya. Madyerero anali oyamba 2 koloko. Ananyamuka cha m'ma 10, Benedeta akuyendetsa, a Rodwell ali kumbuyo mu suti yawo yotuwa. Mabokosi awiri aakulu anali mbali iyi ndi iyo, ndipo kakeke ka pamwamba, kokhala ndi maluwa a shuga, anakafukata pamiyendo ngati khanda.

"Pang'onopang'ono pa mabampu, amake Chrissy," ankatero pafupipafupi.

"Gwirani keke inu, msewu ndisiyireni ine."

Anadzera msewu wafumbi wodulira ku Nsaru. Atangodutsa kamlatho ka padambo panamveka phuu! Galimoto inayamba kukokera kumanzere, kenaka gwedegwede. Benedeta anaimika pafupi ndi mtengo wa mango. Tayala la kumbuyo linali litagona pansi, laphwa ngati chikwama chopanda kanthu.

"Musade nkhawa," anatero a Rodwell akutuluka. "Tingoikapo sipeya. Ndaonerapo anthu akusintha, si nkhani yovuta."

Anatsegula kubuti n'kuvundukula kapeti. Pamalo pamene payenera kugona tayala panali kabotolo koyera, kapampu kokhala ndi chingwe, ndi kabuku. Basi. Panalibe tayala, panalibe jeke, ngakhale sipanala.

Benedeta anangogwira m'chiuno. Anakumbukira mnyamata wogulitsa uja mu tauni, mmene anamuonetsera wailesi, mphepo yozizira, magalasi otsika okha. Iye amene pogula uvuni anausuzumira mpaka kunsi, galimoto yonseyi anaitenga osavundukula kapeti.

"Kodi anachita kuba?" anafunsa.

"Ayi, taonani malowa ndi ochepa, tayala silingakwanemo. Inapangidwa choncho. Kwawoko kapena misewu ilibe zitsa."

A Rodwell anavala magalasi awo n'kutsegula kabukuko. Anakatembenuza uku ndi uku, kenaka anapukusa mutu.

"Zaka makumi atatu ndikuphunzitsa ana kuwerenga. Lero ine ndagwa sitandade wani."

Munali Chijapani chokhachokha, koma zithunzi zinalimo. Anazitsata mwaulemu: kugwedeza botolo, kuthira mankhwala ake m'tayala, kulumikiza kapampu pamoto wa galimoto. Kapampuko kanayamba kulira ngati njuchi, ndipo tayala linadzuka pang'ono. A Rodwell anatembenuka kuti ayamikiridwe. Pompo mankhwala oyera aja anatumphuka cha m'mbali mwa tayala, tsaa! pa buluku la suti kuyambira m'bondo mpaka kunsapato. Chibowocho sichinali cha msomali. Chinali chong'ambika, cholowa zala ziwiri.

Benedeta anayesetsa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsamira galimoto, ndipo a Rodwell, atadziyang'ana, anaseka nawo.

Kuseka kunatha atayang'ana foni. Nthawi inali itapitirira 11, ndipo m'dambomo netiweki munalibe. Dzuwa la Okutobala linali litaima pamutu. Benedeta anatsegula bokosi la kakeke kakang'ono n'kupeza shuga wa pamwamba wayamba kutuluka thukuta. Anatulutsa mabokosi onse n'kuwaika pamthunzi wa mango, nathamangira ku mjigo umene unali chapafupi, kumene amayi anayi ankatunga madzi. Ananyowetsa chitenje n'kudzafunditsa mabokosi aakulu aja. Kakang'onoko anakasiya kotsegula kuti kapitidwe mphepo, iye akukakupiza ndi chivindikiro.

Panadutsa njinga ziwiri ndi njinga yamoto yonyamula nkhumba. Onse anapereka pepani n'kupitirira.

Kenaka kunatulukira ngolo yodzaza njerwa, ng'ombe ziwiri zikukoka mosafulumira. Woyendetsa wake anali bambo wamfupi, wa imvi zoyamba kumene, atavala ovolosi yong'ambika m'mawondo.

"Sitima, Boma, imani!" anakuwa, ng'ombezo n'kuima. "Mwaswera bwanji, mayi ndi bambo? Zavuta, eti?"

Anadzitchula kuti ndi a Eliya Nahache. Kalankhulidwe kawo kanali ka kummwera. Anabwera kuchokera ku Phalombe zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, anakwatira konkuno, apongozi n'kuwapatsa munda, ndipo ng'ombezi anagula okha. Zonsezi anazifotokoza atanjuta pa tayala, akulowetsa chala m'chibowo.

"Ili lafa. Sipeya ili kuti?"

"Kulibe," anatero Benedeta. "Anatipatsa botolo."

A Eliya analandira botololo, analinunkhiza, n'kulibweza mwaulemu. Kenaka anawerenga manati a tayala ndi chala. Anaimirira, anapita ku ngolo yawo, nawerenganso kumeneko. Atabwerera anali akumwetulira.

"Anayi kuno, anayi uko. Mukuiona ngoloyi? Inali galimoto kale, isanatembenuke mtima. Miyendo yakeyi anandiwotcherera pa Nsaru kuchokera ku kagalimoto kakufa. Tiyese mwayi."

"Tayala la ngolo?" anadabwa a Rodwell. "Pa galimoto ya ku Japan?"

"Nalonso kwawo n'komweko, bambo. Zikadziwana."

Sipanala anali nayo, yomangidwa ndi mphira kunsi kwa mpando. Anamasula ng'ombe pa goli, anatsitsa njerwa zina n'kusanjikiza pansi pa ngolo, ndipo tayala lake, lopakidwa penti yofiira, linatuluka mosavuta. Vuto linali kukweza galimoto. A Eliya analowa m'chigafa cha fodya chakale pamunda wapafupi n'kutuluka ndi mtengo wautali wa bulugamu. Kenaka anakuwira kumjigo.

"Amake Bright! Bwerani ndi anzanuwo!"

Mmodzi mwa amayi otunga madzi aja anali akazi awo, a Febe. Anabwera onse anayi akupukuta manja m'zitenje. Mtengo unalowa pansi pa galimoto, mulu wa njerwa uli pakati, ndipo amayiwo pamodzi ndi a Rodwell anakakamira kumapeto kwake. Koyamba galimoto inangogwedera. A Febe anayambitsa nyimbo yosinjira, anzawo n'kuvomera, ndipo pa kuvomera kwachitatu galimoto inanyamuka. A Eliya anasanjika njerwa mofulumira.

Benedeta anali atagwada pafupi, akulandira manati kuti asasowe m'fumbi. Tayala lofiira linalowa m'malo mwake ngati linabadwira pomwepo. Amayi aja analulutira. Ndi pamene a Febe anakuwa.

"Mayi! Boma uyo!"

Ng'ombe ija inali itafika pamthunzi wa mango, mutu uli m'bokosi. Benedeta anathamanga akukuwa. Boma anadzutsa mutu mosatekeseka, duwa la shuga lili pamphuno, analinyambita n'kubwerera kwa mnzake. Kakeke kanali kamoyo, koma mbali imodzi maluwa atatu anali atapita, patatsala njira yosalala ya lilime.

A Eliya anagwira pakamwa. "Mayi, ndikhululukireni. Ng'ombe imeneyi ilibe mwambo."

Benedeta anakayang'ana kakekeko kwa kanthawi. Anatenga mpeni m'chikwama chake, anadula mbali yonse yonyambitidwayo n'kuiponyera Boma.

"Maliza zako," anatero. "Ndikakonza ndikafika. Shuga wina ndili naye."

Anakweza mabokosi. Benedeta anafunsa mmene abwezere tayalalo.

"Tayala ili silinapiteko kuukwati, ndipo silipita lokha," anatero a Eliya. "Ndipita nalo."

"Ndi ovolosi imeneyo?" anafunsa a Febe.

"Nanga bambowa buluku lawo lili bwanji?"

A Febe anakusa ng'ombe kupita nazo kumudzi akuseka, ngolo n'kutsala pa njerwa. A Eliya anakhala kutsogolo, tayala lophulika lili kubuti. Lofiiralo linali lalikulupo pang'ono, choncho galimoto inkayenda chopendekeka ngati munthu wovala nsapato zosiyana. Benedeta sanathamange. Pa Nsaru anaima kwa wokonza matayala, amene anati aika chigamba m'kati ndi chubu, akalipeza pobwerera. A Rodwell anatulutsa mutu pawindo.

"Mutipezerenso lina lathunthu, la sipeya. Ndi jeke!"

"Mukaliika pati, bambo? Galimoto zimenezi zilibe malo."

"Ndizilifukata ine."

Anafika ku Kabudula 2 koloko itapitirira. Benedeta anali atakonza kale mawu opepesera, koma Lusiya anathamangira galimoto manja ali m'mwamba, akuvina. Akwati anali asanabwere kojambulitsa. Ana ndi akulu omwe anazungulira tayala lofiira lija, ndipo a Rodwell anayamba kufotokoza nkhani yonse, buluku lawo likuchitira umboni.

Ukwatiwo unali pa sukulu, ndipo Benedeta analowa m'kalasi imene eni ukwati anaisandutsa khitchini. Anasanjikiza magawo atatu aja, mbali yodulidwa anaimata bwinobwino n'kuipangira maluwa atsopano asanu, aakulu kuposa oyamba. Mkwatibwi atalowa m'holo n'kuiona, anagwira pachifuwa. Benedeta anakhala pampando n'kupumula koyamba chichokereni m'dambo muja.

Atadya, anatuluka ndi mbale ya mpunga ndi nkhuku kukafuna a Eliya. Anawapeza atakhala pa chitsa kuseri kwa holo, chipewa chili pabondo, akuchita manyazi ndi ovolosi yawo. Anali atangoyamba kudya pamene ng'oma zinalira kubwalo. Sizinali ng'oma za kuno. A Eliya anasiya kutafuna.

"Tchopa ameneyo, gule wa kwathu," anatero motsitsa mawu. "Kodi mkwatiyu kwawo n'kuti?"

"Ndamva kuti ku Migowi, ku Phalombe. Abale ake abwera ndi lole."

A Eliya anaika mbale pansi. Benedeta anawatsatira. Pabwalo, abale a mkwati anali atapanga bwalo, amuna ndi akazi, fumbi lili koboo. A Eliya anaima m'mphepete, phazi limodzi likugunda pansi lokha. Kenaka anangolowa. Thupi lija lokweza njerwa linapepuka, mapewa akunjenjemera, ndipo alendowo anawatsegulira malo akukuwa ndi chimwemwe, osadziwa n'komwe kuti munthu wa ovolosiyu wachokera kuti.

Nyimbo itatha, mayi wina wachikulire wa duku lachikasu anawagwira dzanja n'kuwafunsa kanthu m'Chilomwe. A Eliya anayankha mwachibwibwi, ngati munthu wotsegula chitseko cha dzimbiri. Mayiyo anawayang'anitsitsa, anaomba m'manja, nayamba kuitana anzake mmodzimmodzi. Benedeta sanamve mawu, koma anaona a Eliya atakhala pansi pafumbi pomwepo.

Kenaka a Eliya anabwera kwa Benedeta atagwira kapepala kong'ambidwa pa khadi la ukwati.

"Mayi, ndili ndi mlongo wanga, Ivy. Zaka zoyamba za utenanti sindinapeze kanthu, ndiye ndinachita manyazi kulemba kalata. Kenaka zaka zinangopita. Mayi awa amapemphera naye mpingo umodzi. Ali moyo, ali ndi zidzukulu. Akuti mdzukulu wake woyamba anamutcha Eliya." Anaonetsa kapepalako. "Nambala yake ndi iyi. Koma foni ndasiya kunyumba."

"Yanga ilipo," anatero Benedeta. "Koma muno simumvana, phokoso."

Anatsanzika dzuwa likadali m'mwamba. Pa Nsaru anatenga matayala awo awiri, ndipo a Rodwell anakhala nawo kumbuyo monga analonjezera. A Eliya ankangowerenga nambala ya pa kapepala kaja mobwerezabwereza. Atatsala pang'ono kutsetserekera kudambo kuja, pamtunda pamene foni inkaonetsa netiweki yodzaza, Benedeta anapatutsa galimoto n'kuzimitsa injini. Anaimba nambalayo yekha n'kupatsa a Eliya foniyo.

Inalira kanayi. Kenaka kunamveka mawu a mzimayi, akufunsa kuti ndani.

"Ivy," anatero a Eliya. "Ndine."

Kufuula kumene kunatuluka m'foniyo anakumva ngakhale a Rodwell kumbuyo. A Eliya anatsegula chitseko n'kutuluka, akuyenda uku ndi uku m'mphepete mwa munda wolimidwa kale mizere, akulankhula, akuseka, akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Achedwa amenewa," ananong'ona a Rodwell.

"Achedwe," anatero Benedeta. Anavula nsapato, anatsitsa mpando pang'ono, n'kutsegula kabokosi ka keke kamene Lusiya anawapatsira. "Bweretsani dzanja kuno."