Mzere woyamba wa Bobo Safarali

Unali m'mawa, dzuwa lisanatsikire m'chigwa chathu, ndipo chisanu chinali chikadaluma zala. Mudzi wonse unasonkhana m'munda wa tirigu. Kuno ku mapiri a Tajikistan palibe amayamba kulima nkhalamba yoposa onse isanadule mzere woyamba.

Kwa zaka zambiri ulemu umenewu unali wa Bobo Davlatyor, amene anaposa apongozi anga, Bobo Safarali, ndi miyezi yochepa chabe, ndipo sankalola kuti aiwale. Davlatyor anamwalira m'nyengo yozizira, apongozi anga ali chigonere ndi chifuwa. Mlamu wanga Nazrullo anali atauza kale anthu kuti bambo ake sangadzuke.

Apongozi angawo ndinawapeza kunyumba atafunda mpaka m'khosi.

"Aphunzitsi, akuti chiyani kunjako?"

"Akuti mupumule, bambo. Pulawo agwira a Rahmatsho, poti ndiwo okutsatirani pa zaka."

"Rahmatsho? Mwana amene ndinamuona akudya dothi uja? Patseni nsapato zanga."

Pamene ndinkaphunzitsa Chingerezi ndinkalemba pa bolodi mawu akuti outlive, kukhalabe ndi moyo mnzako atapita. Chimwalirireni mkazi wanga, mwana wawo, ndinkawaona ngati mawu a anthu otsala okha. Sindinkadziwa kuti ena amawavala ngati chipewa chatsopano.

Ndinawakweza pa bulu. Titafika, amayi a m'mudzi anali akupaka batala nyanga za ng'ombe, ndipo Rahmatsho anali atapinda kale manja a malaya. Atationa anawatsitsanso mwakachetechete.

"Ababa, mugwa," anatero Nazrullo.

"Ndikagwa mukwirire pomwepo, dothi likhala lofukula kale. Choka!"

Anagwira pulawo. Ng'ombe zitakoka, anadzandira mpaka bondo linakhudza pansi. Amayi ena anabisa nkhope. Koma manja sanataye chogwirira. Anaimirira, nakalipira ng'ombe ndi mawu amene sitinawamve chiyambire chisanu, ndipo dothi lakuda linayamba kutembenuka. Anayenda pang'onopang'ono, akutsokomola, mpaka pa mwala wa malire.

Anthu anakuwa, ana akuwaza tirigu m'mwamba. Bobo Safarali anatembenukira kumanda, kumtunda kwa mudzi.

"Davlatyor! Lero wagonereza! Ife tayamba!"

"Mzerewo wakhota ngati njoka!" anafuula Bibi Oyniso, mkazi wa malemuyo, akuseka uku akupukuta misozi. "Mwamuna wanga akanakusekani mpaka madzulo."

"Kawadzutseni, mayi, adzawongole!"

Tinawakhazika pa chikopa cha nkhosa, n'kuwapatsa tiyi wamkaka. Anamwa, kenako anandiyang'ana.

"Nanga inu, aphunzitsi, mwabwera kudzaonerera?"

Nazrullo anali atatembenuza kale ng'ombe. Ndinavula jekete, n'kutenga dengu, ndi kuyamba kutola miyala kumbuyo kwake.