Chopereka cha Mayi Janeti

Kwa zaka zambiri dzina la mayi Janeti linkabwera kumapeto pa Pepa Sande, tsiku limene mkulu wa mpingo amatchula aliyense ndi zimene wapereka. Nanga wothyola tiyi n'kupereka chiyani? Anthu ankangotsokomola dala pobisa chiseko.

Chaka chino nanazi zawo zinayenda malonda ku Milonde, ndipo anapereka mosaumira kuti tchalitchi chifoleredwe. Tsoka ilo, n'chaka chomwechi chimene ana a mumpingomo okhala ku Joni, motsogozedwa ndi Christobel, mwana weniweni wa mayi Janeti, anabweretsa ndalama za pa intaneti zija amati kiripito. Aliyense apereke pa foni, kuchuluka kwake kubisike.

Lamulungu mkulu anangowerenga maina, lililonse n'kuti "zalandiridwa". Mayi Janeti anatuluka mtima ukuwira, n'kumuimbira mwanayo.

"Iwe, makina akowa adziwa bwanji kuti ndapereka, pamene sakuona?"

"Foni yanu imatumiza umboni wa masamu, amayi," anatero Christobel. "Umangotsimikiza kuti nambala yobisikayo siyotsika pa ziro, siyopitiriranso malire. Popanda umenewo wina atha kudzipangira ndalama zabodza. Koma nambalayo sioneka."

"Ndiye woponya kakobidi ndi ine tafanana?"

"Cholinga chake n'chimenecho. Kiyi yotsegulira muli nayo nokha, koma chonde musaulule."

"Unandifunsa? Manyazi ndinadya ndekha zaka zonsezi. Lero ulemu wafika, iwe wanditsomphola pakamwa."

Anadula foni, ndipo sabata yonse sanayankhenso.

Lamulungu lotsatira anaimirira pakati pa zolengeza, natsegula nambala yawo ndi kiyi ija, n'kupereka foni kwa mkulu. Atawerenga, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Tisaname, zinawakomera.

Koma Marjory, mkazi wa kapitawo wa ku esiteti, sanazolowere kupitiriridwa, ndiye anatsegula yakenso. Wina anatsatira, winanso, mpaka wosatsegula ankaoneka ngati wakuba. Zinayenda benchi ndi benchi kukafika kwa Rosie, mayi wamasiye amene mayi Janeti ankathyola naye tiyi mzere umodzi.

Rosie anayang'ana foni yake, m'mene munabisika kakobidi kake. Kenako anadzutsa mwana wake amene anali m'tulo, namubereka, n'kutuluka ngati akukamutonthoza.

Mayi Janeti anapsa mtima kuposa sabata yatha. Anatembenuka kufuna woti amukalipire, koma tchalitchi chonse chinkawamwetulira.